Mfuti Yatsopano Ikathina, Musathamangire Fayilo

Mfuti yatsopano imatuluka m'bokosi ili youma. Chitsulo chokokera kumbuyo chimafuna mphamvu ya dzanja lonse, timisomali tolumikiza zigawo zake timakana kutuluka ndi chala, magazini salowa bwino mpaka utawamenya ndi chikhatho, ndipo kachitsulo kotchinga kuti mfuti isawombe kamatembenuka monyinyirika. Munthu amene wangoilandira kumene amayamba kuganiza kuti amupatsa yolakwika. Kenako, ngati ndi munthu wa manja aluso monga alili ambiri kwathu kuno, amayamba kuganiza zoikonza yekha: kupala pang'ono apa ndi fayilo ya chitsulo, kukwecha apo ndi sandipepa, kugogoda ndi hamala mpaka zonse ziziyenda mofewa. Ine ndikuti maganizo onse awiriwa ndi olakwika, ndipo achiwiriwo ndi amene amapha anthu. Kuthina kwa mfuti yatsopano nthawi zambiri ndi umboni woti inapangidwa bwino, ndipo mankhwala ake ndi nsalu, oyilo, nthawi ndi zipolopolo zoyesera. Izi zikalephera, mfutiyo ipite kwa mmisiri wa mfuti amene ali ndi zipangizo zoyezera, kapena ibwerere kwa amene anaigulitsa. Njira ina yachitatu palibe, ndipo udindo woonetsetsa kuti njira ziwirizi zilipo ndi wa amene amagula mfuti n'kuipereka m'manja mwa munthu wina.

Wina atha kudabwa kuti nkhani ya mfuti ikufunanji ku Chia, kumene anthu amadziwika ndi maukonde, mabwato, mpunga ndi nsomba zogulitsa m'mbali mwa msewu wa M5. Koma mfuti si zachilendo m'dera lino. Nyanja yaing'ono ya Chia, yomwe ili pamtunda wa makilomita oposa 20 kumwera kwa boma la Nkhotakota, imamwa madzi a mitsinje yochokera kumapiri a Ntchisi, ndipo m'mabango mwake muli mvuu ndi ng'ona zomwe nthawi zina zimaitanitsa alonda a nyama zakutchire kudzateteza minda ndi miyoyo. Chakumadzulo ndi kumpoto kuli nkhalango ya Nkhotakota, ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, imene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire mu 2015. Njovu za m'nkhalangoyi zinali zitatsika kuchoka pa 1,500 kufika pochepera 100 chifukwa cha opha nyama mozembera malamulo. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, ndipo mu 2018 asilikali a ku Britain anabwera kudzaphunzitsa alonda a m'nkhalangoyi. Alonda amenewa ndi ana a m'midzi yathu. Amayenda masiku angapo m'tchire, mfuti ili paphewa, ndipo akabwerako amadutsa m'misika momwe timagula tomato. Mfuti yawo ikakana kuwomba pa nthawi yofunika, kapena ikawomba pa nthawi yosafunika, maliro ake amagwa pakati pathu.

Kuti timvetse chifukwa chake mfuti yotereyi imabadwa yothina, tiyenera kudziwa zimene zimachitika m'kati mwake. Mfuti imene tikunena pano ndi ija yodzilowetsera yokha chipolopolo: ukakoka chala kamodzi imawomba kamodzi, n'kutaya chikhokhombe cha chipolopolo, n'kutenga china m'magazini, n'kudikira chala chako. Ntchito yonseyi imachitika ndi mphamvu ya mpweya wotentha wochokera ku wonga umene wapsa. Pa kanthawi kowombako, m'chipinda momwe mumakhala chipolopolo mumakhala mphamvu yokankha yoposa matani 3 pa kadera ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndipo chimene chimaima pakati pa mphamvu imeneyi ndi diso la wowombayo ndi chitsulo chotsekera, chomwe timano take timakolana ndi timano ta kumbuyo kwa mpope. Mpata wa pakati pa nkhope ya chotsekeracho ndi chipolopolo umayezedwa m'tizigawo ta milimita tochepa kwambiri moti diso silingaone kusiyana kwa mpata wabwino ndi woopsa. Wopanga mfuti amadziwa kuti chitsulo chimatha chikamakhulana ndi chinzake. Choncho amasiya zigawozo zitagwirana kwambiri pang'ono, kuti zikadyana m'miyezi yoyamba zifike pa muyezo woyenera n'kukhala pamenepo zaka zambiri. Mfuti imene yatuluka m'fakitale ili kale lendelende ilibe malo oti ithere. Kutha kwake kulikonse kumaipititsa kunja kwa muyezo.

Komabe kuuma kwambiri kumene munthu amamva tsiku loyamba sikuchokera n'komwe ku chitsulo. Kumachokera ku girisi wosungira. Mfuti imachoka kufakitale, imakhala m'nyumba zosungiramo katundu, imawoloka nyanja zamchere m'sitima, imadikira padoko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo kuti isachite dzimbiri amaipaka girisi wokhuthala amene ntchito yake ndi kutchinga chinyezi basi. Girisi ameneyu si wofewetsa. Akakhalitsa amauma n'kukhala ngati phula, amadzaza m'timabowo ndi m'timipata, ndipo amagwira masipuling'i. Pali chitsanzo chodziwika bwino kwa onse osunga mfuti. Mfuti ya SKS, imene Sergei Simonov anapanga ku Soviet Union m'zaka za m'ma 1940 ndipo inafala m'nkhondo za kumwera kwa Africa kuno, ili ndi kamsomali kobaya chipolopolo komwe kamangoyenda momasuka m'bowo lake. Girisi wouma akagwira kamsomaliko katatulukira kutsogolo, mfutiyo imatha kuwomba yokha pongotseka chotsekera, munthu asanakhudze chokokera cha chala, mwinanso kupitiriza mpaka magazini atatha. Apa vuto silili m'chitsulo ndipo fayilo ilibe chochita. Chofunika n'kuphwasula malinga ndi buku lake, kutsuka bowolo mpaka kamsomali kazigwedera kokha, basi. Pamwamba pa girisiyo palinso utoto woteteza dzimbiri umene amaphikira pachitsulo, womwe umakhala wokhakhala ukakhala watsopano, komanso masipuling'i amene sanapindikepo chiyambire. Zinthu zitatuzi, girisi, utoto ndi sipuling'i, ndi zimene zimayambitsa madandaulo ochuluka a mfuti yatsopano, ndipo zonse zimatha popanda kuchotsa ngakhale kachidutswa ka chitsulo.

Ndondomeko yake ndi yosavuta, ngakhale imafuna mtima wodekha. Munthu amachotsa magazini, amakokera chotsekera kumbuyo, amayang'ana m'chipinda ndi maso n'kupisamonso chala kuti atsimikize kuti mulibe chipolopolo, ndipo zipolopolo zonse amaziika kutali ndi pamene akugwirira ntchito. Amaphwasula mpaka pamene buku la mfutiyo lalola, osapitirira. Amatsuka girisi yense, kuyanika, kupaka oyilo wa mfuti pamalo okhulana, kulumikizanso, kenako kukoka ndi kubweza chotsekera kambirimbiri mfuti ilibe kanthu. Akaphwasulanso amapeza kuti chitsulo chayamba kumuuza nkhani yake: pamene zigawo zikudyana pamaoneka timizere towala. Kuwala kosalala, kofanana mbali zonse ziwiri, ndi chizindikiro choti zinthu zikukhazikika. Zikatero mfuti ipite kumalo oyeserera kuwomba, moyang'aniridwa, iwombe zipolopolo zokwanira, itsukidwenso. Asodzi a ku Chia amaidziwa kale nzeru imeneyi. Amene wagula injini yatsopano ya boti, ya Yamaha kapena mtundu wina, amauzidwa kuti maola oyambirira aiyendetse pang'onopang'ono, athire oyilo wochulukirapo mu petulo, asaikoke mpaka kumapeto, kuti pisitoni ndi malinga ake zizolowerane. Palibe msodzi wanzeru amene amatsegula injini yatsopano n'kukwecha pisitoni ndi sandipepa poti chingwe cholizira chikulimba. Amadziwa kuti kulimbako ndiye mphamvu ya injiniyo, ndipo tsiku limene chingwe chidzakokeke mopepuka ngati mulibe kanthu ndi tsiku loyamba kufunafuna makaniko.

Nanga fayilo imalakwa chiyani? Zigawo zambiri za m'kati mwa mfuti, makamaka zokhudza chokokera ndi kahamala kake, zimalimbitsidwa ndi moto kunja kokha. Khungu lolimbalo ndi lopyapyala, ndipo pansi pake pali chitsulo chofewerapo chomwe chimapirira kugunda osathyoka. Fayilo ikadutsa kangapo, khungu lija lapita. Tsiku limenelo mfuti imamveka bwino kwambiri m'manja, mwini wake n'kumadziyamikira, koma kuyambira pamenepo chigawocho chimatha mofulumira ndipo palibe chizindikiro chakunja chochenjeza. Pali kamlomo kakang'ono kamene kamagwira kahamala kuti kasagwe mpaka chala chitakoka. Kamlomo kameneka kakapalidwa kapena kupendeka pang'ono, mfuti imatha kuwomba ikangogunda pansi, ikagwedezeka kumbuyo kwa galimoto pamsewu wa mabampu, kapena kuwomba kawiri pamene munthu anafuna kamodzi. Timano ta chotsekera tikapalidwa kuti kutseka kufewe, mpata uja umakula, chikhokhombe cha chipolopolo chimatambasuka kupyola malire ake n'kung'ambika, ndipo mpweya wamoto umabwerera kumaso. Choipitsitsa n'choti chitsulo chochotsedwa sichibwerera. Girisi mukhoza kutsukanso mawa, oyilo mukhoza kuchepetsa kapena kuwonjezera, koma chimene fayilo yadya chadyedwa. Ndipo mfuti za ntchito sizikhala ndi munthu mmodzi mpaka kalekale. Amene anapala adzasamutsidwa kapena kupuma pantchito, ndipo mfutiyo idzapatsidwa kwa mnyamata wongolembedwa kumene amene sakudziwa chilichonse cha zimene zinachitika m'kati mwake.

Pali mfundo yotsutsa imene ndimailemekeza, chifukwa ili ndi umboni kumbuyo kwake. Anthu amati: onani AK-47. Mfuti ya Mikhail Kalashnikov imachita phokoso ukaigwedeza, zigawo zake zili ndi mipata yooneka ndi maso, koma ndi imene yapirira matope, mchenga ndi kusasamalidwa kuposa ina iliyonse, mpaka dziko la Mozambique linaiika pa mbendera yake. Ife a m'malire tikudziwanso kuti zambiri zinalowa m'dziko muno nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, zina zitakwiriridwa pansi kwa nthawi, ndipo zinkawombabe. Ngati kumasuka kuli kwabwino chonchi, bwanji osamasula mfuti zathu zonse? Yankho ndi loti kumasuka kwa AK kunawerengedwa ndi opanga. Anasiya mipata pamalo amene dothi lifunika kupeza pothawira, m'njira momwe chonyamula chotsekera chimayenda, ndipo anaipatsa mphamvu yambiri ya mpweya ndi chitsulo cholemera chokankha zonse zili panjira. Koma pamalo pamene chotsekera chimakolana ndi mpope, AK nayo imayezedwa mosamala ngati mfuti ina iliyonse, ndipo yatsopano nayo imakhala ndi pouma pake, makamaka kachitsulo kake kotchinga. Mpata umene injiniya anaika mwadala pamalo osankhika ndi wosiyana kotheratu ndi mpata umene munthu wapala pamalo amene dzanja lake lamva kulimba. Dzanja limamva pamene pakuvuta. Silidziwa ngati pamenepo ndi pamene moyo wa mfuti wagona.

Mfundo yachiwiri yotsutsa ndi yolemera kuposa yoyambayi. Mlonda amene akupita kutchire mawa sangadikire kuti mfuti izolowere. Akakumana ndi gulu la opha njovu, chotsekera chouma chimene chalephera kutseka mpaka kumapeto ndi imfa yake. Kumuuza kuti adekhe n'kosavuta kwa munthu amene wakhala pampando. Izi ndi zoona, ndipo sindikufuna kuzichepetsa. Koma taonani kumene mfundoyi ikuloza. Sikunena kuti mlondayo apale mfuti. Ikunena kuti mfuti imene sinatsukidwe ndi kuyesedwa siyenera kupita kutchire. Mbiri ili ndi phunziro lowawa pa nkhaniyi. Pamene asilikali a America analandira mfuti ya M16 ku Vietnam m'zaka za m'ma 1960, ambiri anaipatsidwa popanda zipangizo zokwanira zotsukira ndi maphunziro ake, ndipo mbiri inafala yoti mfutiyo imadzitsuka yokha. Wonga wa zipolopolo unali utasinthidwa n'kukhala wosiya mwaye wambiri, chipinda cha chipolopolo sichinali chokutidwa ndi chitsulo choteteza dzimbiri, ndipo dzikolo ndi lachinyezi. Zikhokhombe zinkakanirira m'chipinda pakati pa nkhondo, anthu n'kufa mfuti zili m'manja. Komiti ya nyumba ya malamulo yotsogozedwa ndi Richard Ichord inafufuza nkhaniyi n'kutulutsa lipoti mu 1967. Zimene zinatsatira ndi kukuta chipinda ndi chitsulo cha chrome, kusintha chigawo chochepetsa liwiro la chotsekera, kugawa zipangizo zotsukira, ndi kabuku ka zithunzi kojambulidwa ndi Will Eisner kophunzitsa msilikali wamba kasamalidwe ka mfuti yake. Palibe paliponse pamene yankho linali loti msilikali aliyense atenge fayilo. Vuto linachokera kwa ogula ndi ogawa, ndipo linakonzedwa ndi ogula ndi ogawa.

N'chifukwa chake ndikuti mtengo wa mfuti suthera pa mfutiyo. Bungwe lililonse limene limapatsa anthu mfuti, kaya ndi la boma, la zachilengedwe kapena kampani ya chitetezo yololedwa ndi malamulo, likamalemba bajeti liyenera kuwerengeramo ndodo ndi burashi zotsukira mpope, oyilo woyenera, buku lomasuliridwa m'chilankhulo chimene wogwiritsa ntchitoyo amamva, zipolopolo zoyesera, masiku a maphunziro, ndi mmisiri wa mfuti amene ali ndi zoyezera. Ndikudziwa yankho la wosunga chuma: zipolopolo n'zodula, zimagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko lathu limasowa, ndiye kuziwombera pa chikwangwani kumaoneka ngati kutaya. Koma chipolopolo chowombedwa poyesera chimagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Chimakhazikitsa zigawo za mfuti ndipo chimaphunzitsa munthu mfuti yake, momwe imakankhira, kumene imaponya chikhokhombe, mmene imamvekera ikakhala bwino. Munthu amene sadziwa mmene mfuti yake imamvekera ili bwino sangazindikire tsiku limene yayamba kudwala. Ndalama imene yapulumutsidwa pokana zipolopolo zoyesera idzalipidwa pa mfuti yoonongeka, pa chipatala kapena pa chipukuta misozi.

Mfundo yachitatu yotsutsa imandikhudza mtima, chifukwa imakhudza ulemu wa amisiri athu. Dziko lino likuyenda chifukwa cha anthu amene amadzutsa zinthu zakufa. Wowotcherera pa Nkhotakota boma, wokonza njinga za kabaza, makaniko wa zigayo, wokonza mijigo ya m'midzi, onsewa amapanga chitsulo chosowa kuchokera ku china chotayidwa, ndipo popanda iwo theka la makina a m'dziko muno likadakhala chete. Luso la mfuti nalonso si lachilendo kuno. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, pamene Jumbe Salim bin Abdullah anakhazikika ku Nkhotakota ndi malonda ake a minyanga ndi akapolo, mfuti zothira wonga kukamwa zinalowa m'dera lino, ndipo osula zitsulo anaphunzira kuzikonza ngakhale kupanga zawo, zija timazitcha gogodela. Ndiye wina atha kufunsa: ngati agogo athu ankasula mfuti yonse, mdzukulu wawo angalephere kufewetsa kamsomali? Kusiyana kwake kuli pa mphamvu ndi pa muyezo. Gogodela amagwiritsa ntchito wonga wofooka poyerekeza ndi wa masiku ano, alibe chotsekera choyenda, ndipo ngakhale zili choncho mbiri ya alenje otaya zala ndi maso mpope utaphulika si yosowa m'midzi. Mmisiri wa njinga akalakwitsa, tcheni chimadumpha, mwini wake n'kubwerera kukadandaula. Luso la dzanja ndi la diso, lomwe limakwanira pa ntchito zimenezo, silingathe kuona mpata wochepa kuposa tsitsi. Mmisiri wa mfuti saposa anzake nzeru. Amawaposa zipangizo, maphunziro a mtundu umenewo wa mfuti, ndi chilolezo. Ngati amisiri otere ali ochepa ndipo ali kutali, chofunika ndi kuphunzitsa ena mwa achinyamata aluso omwewa ndi kuwapatsa zoyezera, kuti boma ngati Nkhotakota, lomwe lili ndi nkhalango yaikulu chonchi, lisamadalire ulendo wa ku Lilongwe pa kachigawo kalikonse.

Sindikunena kuti mfuti yatsopano singakhale ndi chilema chenicheni. Mafakitale amalakwitsa, ndipo katundu amavulala panjira. Chofunika ndi kudziwa kusiyanitsa. Kuuma kwabwino kumachepa tsiku ndi tsiku. Kuuma koipa kumakhala pomwepo kapena kumakula. Kuwala kosalala pachitsulo ndi kwabwino, koma mzere wokumbika, tizidutswa ta chitsulo mu oyilo, kapena kudyeka kwa mbali imodzi yokha zikusonyeza kuti china chapindika kapena sichinakhale m'malo mwake. Chotsekera chimene chikukana kutseka mpaka kumapeto pa chipolopolo choyenera, mfuti itatsukidwa kale, sichiyenera kukakamizidwa ndi chikhatho kapena chidendene. Chikhokhombe chotuluka chitatupa, chitang'ambika kapena chitabooka kumbuyo ndi lamulo loti kuwomba kuime pomwepo. Kachitsulo kotchinga kamene sikakugwira bwino, kapena kahamala kogwa kokha, ndi chifukwa chokwanira chochotsera mfutiyo pantchito tsiku lomwelo. Nthawi zinanso wolakwa amakhala magazini, osati mfuti, ndipo kungosinthanitsa ndi ena odziwika kuti ndi abwino kumaulula zimenezi m'mphindi zochepa. Pa zonsezi, mfuti imene sinakhudzidwe ndi fayilo ili ndi mwayi wina waukulu: wogulitsa sangakane kuilandira. Imene yapalidwa yataya umboni wake, ndipo chilema cha fakitale chasanduka mlandu wa mwini wake.

Kunyanja kuno kuli mdani wina amene amasokoneza nkhaniyi, chifukwa amabweretsa kuuma kwa mtundu wina kumene anthu amakusokoneza ndi kuja kwa utsopano. Nkhotakota ndi dera lotentha ndi lachinyezi, mvula yake ndi yambiri, ndipo chitsulo chosiyidwa ndi thukuta la m'manja usiku umodzi wa mu Januwale chimadzuka chitayamba kufiira. Nyengo ya mwera ikafika, mphepo imanyamula mchenga wosalala wa m'gombe n'kuulowetsa paliponse. Nyengo ziwirizi zimafuna zinthu zosemphana. Chinyezi chimafuna kuti chitsulo chikhale ndi kansalu ka oyilo nthawi zonse, pamene mchenga umamatirira pa oyilo wochuluka n'kupanga phala lokwecha lomwe limadya zigawo mofanana ndi sandipepa. Munthu amene mfuti yake yauma amakonda kuthira oyilo wambiri mpaka kudontha, ena mpaka oyilo wakuda wotsala mu injini kapena mafuta ophikira, omwe amauma n'kumata. Oyilo wosiyidwa wambiri m'mpope kapena m'chipinda ndi woopsa pawokha, chifukwa amawonjezera mphamvu yokankha chotsekera powomba. Asilikali a Britain atakumana ndi vuto la mchenga pa mfuti yawo ya L1A1, yomwe inachokera ku FN FAL ya ku Belgium, akatswiri anajambula timingalande topendekera pa chonyamula chotsekera kuti mchenga uzipeza kolowera. Kumeneko kunali kudula chitsulo ndithu, koma kunachitika kufakitale, atayesa, pa mfuti zonse mofanana, pamalo amene sanyamula mphamvu ya kuwomba. Kwa munthu wa ku Chia kapena wa kumsasa wa m'mbali mwa mtsinje wa Bua, ntchito yake ndi yocheperapo ndipo ndi ya tsiku ndi tsiku: kupukuta madzulo alionse, oyilo wopyapyala nthawi ya dzinja, wochepa kwambiri nthawi ya fumbi, ndi kusasunga mfuti m'thumba lonyowa.

Zonsezi zikugwiranso ntchito kwa anthu ochepa amene ali ndi mfuti zawozawo mwa chilolezo, pansi pa lamulo la mfuti la 1967 limene apolisi amayang'anira. Iwowa alibe mkulu wowayendera m'mawa kudzaona ngati mpope ndi woyera, ndiye chiyeso chokonza okha chimakhala chachikulu, makamaka masiku ano pamene foni ili ndi makanema a anthu akunja oonetsa momwe amasalalitsira zigawo za mfuti pa tebulo la kunyumba. Makanema amenewo saonetsa kuti munthuyo ali ndi sitolo ya zigawo zatsopano pafupi, yomwe ingamutumizire china mawa akaononga, ndiponso saonetsa mfuti zimene zinaonongeka kamera itazimitsidwa. Kuno chigawo chimodzi chikhoza kutenga miyezi ndi mapepala ambiri kuti chilowe m'dziko, ndipo pa miyezi imeneyo mfuti yoonongekayo imakhalabe m'nyumba momwe muli ana.

Chimene ndingapemphe kwa oyang'anira alonda, akuluakulu a chitetezo ndi aliyense amene amasainira kulandira bokosi la mfuti zatsopano ndi chinthu chimodzi chotheka. Mfuti iliyonse ikhale ndi kabuku kake kuyambira tsiku lotsegula bokosi, kolembamo tsiku limene girisi anatsukidwa, zipolopolo zimene yawomba poyesera, pamene panali pouma ndi tsiku limene panafewa, ndi dzina la mmisiri amene anaiyeza. Mlonda aloledwe kunena kuti mfuti yake ikuvuta popanda kuopa kuti amutenga ngati waulesi kapena wamantha, ndipo pakhale ina yoti anyamule pamene yakeyo ikuyang'aniridwa. Anthu ambiri amene amapala mfuti mobisa amatero chifukwa anadandaula koma sanamvedwe, ndipo ulendo wa kutchire unali m'mawa mwake. Kabuku ka masamba ochepa ndi mfuti ziwiri kapena zitatu zosungira pamsasa zimachotsa chifukwa chimenecho.